Usadye za Anthu

Tsiku limene ndinakalembetsa mwana wanga sitandade wani, sindinafunse za mabuku kapena za yunifolomu. Ndinafunsa za nthawi yodyera. Aphunzitsi aakazi amene ankalemba mayina pansi pa mtengo wa mango anakweza mutu n'kundiyang'ana, kenako anandifotokozera mosathamanga, ngati munthu amene wayankhapo funso lomwelo kambirimbiri. Ana aang'ono amalowa m'mawa, amapuma kamodzi dzuwa likayamba kuwawa, ndipo amaweruka lisanafike paliwombo. Nkhomaliro aliyense amakadya kwawo. Pa buleki pamakhala phala, limene amayi a m'midzi yozungulira amaphika mosinthana.

"Mumugulire kapu yapulasitiki, mayi, ndipo muimange kachingwe azikoleka m'khosi. Makapu amasowa kuno."

Ndinati zikomo aphunzitsi, ndamva. Koma pochoka pamtengopo ndinali nditagamula kale kuti phala limenelo mwana wanga sadzamwa.

Kwathu ndi kuchigwa, kumene makolo anga amalima mpunga wothirira. Kumtunda kuno, kufupi ndi Manjawira, ndinabwera ndi ukwati, ndipo ndinalowa m'banja limene amuna sakhalitsa pakhomo. Agogo awo a amuna anga anathera mphamvu zawo m'migodi ya ku Joni, apongozi anga aamuna m'mafamu a komweko, ndipo amuna anga nawo ananyamuka wa ku Joni mwana asanayambe kuyenda. Timaonana pafoni. Ine ndili ndi setifiketi ya za bizinesi ya kukoleji, ndipo ntchito imene inandipezera ndi yogulitsa mbewu ndi mankhwala a m'munda m'kasitolo ka munthu wina pamsika. Mwana ndili naye mmodzi, wamkazi. Ndikunena zimenezi kuti mumvetse kuti pakhomo pathu chinthu chikalakwika, palibenso wina woti n'kumuloza chala koma ine.

Mwana wanga ali ndi zaka ziwiri, kumudzi kwa apongozi kunali ukwati. Mwanayo anali wonenepa, wamasaya, ndipo aliyense ankafuna kumunyamula. Uyu amupatse kanyama, uyo amumwetse thobwa m'chikho chake, wina amufumbatitse chitumbuwa. Ine ndinali kumiphika, ndikusangalala kuti mwana wanga akukondedwa. M'mawa mwake anayamba kutsegula m'mimba ndi kusanza, ndipo pofika masana maso anali atalowa m'kati. Tinakwera minibasi ya ku Boma nditamufungatira, mutu wake ukulendewera pamkono panga ngati wa nkhuku ya chitopa. Kuchipatala anamwino anafunafuna mtsempha m'manja osaupeza, mpaka dilipi anaiika kuphazi. Za sabata imeneyo sindifuna kukumbukira zambiri. Anachira, basi.

Adokotala anati ndi manja akuda kapena madzi oipa. Mayi wina wa bedi loyandikana ndi lathu anandinong'oneza kuti, "Mwana wanuyu anamudyetsa. Bambo ake ali ku Joni, nyumba mwafolera malata, mukuyesa onse akukondwa?" Kumudzi nako ena ananena zomwezo, motsitsa mawu. Kunena zoona, ine ndinatenga zonse ziwiri. Ndikamacheza ndi anzanga a kukoleji ndinkati majeremusi. Ndikakhala ndekha ndinkakumbukira nkhope za amene anamunyamula tsiku lija, imodziimodzi. Ubwino wake unali woti mantha onse awiri mankhwala ake anali amodzi: mwana asadye chochokera m'dzanja la munthu wina.

"Usadye za anthu." Mawu amenewa anakula nawo monga mmene ana ena amakulira ndi nyimbo. Ndinkamuuza tikamapita kutchalitchi, tikamapita kumudzi, akamatuluka kukasewera kuseri kwa nyumba. Tsiku lina, atasinkhukako, anandifunsa kuti chifukwa chiyani, poti anzake amadya. Ndinali nditatopa ndipo ndinayankha mwachidule. "Ukadya za anthu udzadwala ngati kale lija, udzafa, ine ndidzatsala ndekha." Sanafunsenso. Anthu ankamuyamikira kuti mwanayu ndi wosasusuka, sayang'ana m'kamwa mwa akuluakulu, ndipo ine ndinkamva kukoma.

Sukulu itatsegulidwa ndinagula kakontena kotseka bwino. M'mawa mwana wanga sadya, anatengera bambo ake. Amangopsontha tiyi, buledi n'kuluma kamodzi, basi wakhuta. Choncho chiyembekezo changa chonse chinali m'kakontenako. Ndinkaikamo buledi wopaka majarini ndi dzira lowiritsa, tsiku lina mpunga wa kwathu wothira shuga, tsiku lina mbatatesi yokazinga ndi nthochi. Sukulu ili pafupi ndi msika, ndiye akaweruka ankandipeza kusitolo, ndipo ndisanamufunse za kalasi ndinkayamba ndatsegula chikwama. Kakontena kankabwera kopanda kanthu, ngakhale nyenyeswa.

"Zatha?"

"Zatha, amayi."

Mtima wanga unkakhala pansi.

Nkhomaliro tinkadya mochedwa. Masana ndi pamene alimi amadzaza m'sitolo, makamaka mvula ikayandikira, ndipo sindikanatha kuwasiya. Ankandidikirira atakhala pamatumba a mbewu kuseri kwa kauntala, ndipo kawirikawiri ankagona pomwepo, pakamwa pali yasa. Ndikamudzutsa dzuwa litapendeka kuti tidye, ankati mutu ukuwawa. Ankatema nsima kawiri katatu n'kusamba m'manja. Ine ndinkati palibe kanthu, poti kusukulu wadya dzira ndi buledi.

Kenako kunabwera kutentha kwa Okutobala. Yunifolomu imene ndinasoketsa yomukwana bwino inayamba kulendewera m'mapewa. Tsiku la msika aphunzitsi ake anandiimitsa pafupi ndi ogulitsa tomato.

"Mayi, kodi mwana wanu amagona nthawi yanji? Akangochokera ku buleki amaodzera mpaka kuweruka. Dzulo ndinamuimiritsa kuti awerenge pabolodi, anagwira khoma."

Ndinapempha tchuthi n'kupita naye ku Boma. Anamubaya chala, malungo sanapezeke. Adokotala anamutsitsa chikope, nati magazi achepako pang'ono, ndipo anafunsa ngati akudya bwino. Ndinayankha msangamsanga kuti kwambiri, adokotala, ndimamulongedzera ndekha. Anatipatsa mankhwala a njoka za m'mimba ndi ena owonjezera magazi. Mu minibasi pobwerera maganizo anga anathamanga ponseponse, ku matenda a shuga, ku chifuwa chachikulu, ndipo mapeto ake anafika kumene amafika nthawi zonse. Ndinamugwira chibwano kuti andiyang'ane.

"Pali amene anakupatsa kanthu kusukulu?"

"Ayi, amayi."

"Ukunena zoona? Ngakhale switi?"

"Amandipatsa koma sindilandira."

"Wachita bwino. Usayerekeze."

Lamlungu lake bambo ake anaimba foni ya kanema. Anamuyang'ana mwanayo kwa kanthawi, kenako anati, "Khosi limeneli latalika bwanji? Koma mukumudyetsa mwanayu?" Ananena moseka, koma ine ndinamva kutentha kumaso. Ndinatenga kakontena n'kukaonetsa pafonipo, ndikutchula zonse zimene ndimaikamo, ngati ndili pabwalo la milandu. Iwo anati pepani, ndimangocheza. Foni itaduka ndinalowa m'bafa n'kulira pang'ono, madzi ndikuwakhuthulira dala pansi kuti mwana asamve.

Amuna anga ali ndi alongo awo aakulu amene amakhala kumudzi. Timaitanana kuti alamu, ndipo chilamu chimawapatsa ufulu wondinena mmene afunira. Dzina langa kwa iwo ndi "a setifiketi." Pasukulu paja mudzi uliwonse uli ndi masiku ake ophika, ndipo mayi aliyense wa mwana wa pamenepo amayenera kukagwirako mthiko. Ine ndinkazemba chifukwa cha ntchito, alamu n'kumandipezera wolowa m'malo. Koma mvula yodzalira itagwa, anatulukira kusitolo chitenje chili chonyowa.

"Alamu, mawa ndiye mulibe pothawira. Aliyense ali kumunda, ngakhale aja amadwala msana chaka chonse achira. Mubwere tikatakase phala."

"Nanga sitolo?"

"Sitolo ili ndi mwini wake. Ndipo musavale nsapato zanu zogogodazo, kulibe ofesi kumeneko."

Ndinapita. Mwana sindinamuuze, ndinangomusiya kwa aneba kuti anyamuke ndi ana awo, ine n'kulawirira. Khitchini ya pasukulu ndi chisakasa cha malata, ndipo miphika yake ndi yoti mwana atha kusambiramo. Tinali ochepa. Tinatunga madzi pamjigo, tinakoleza nkhuni zonyowa, utsi n'kudzaza chisakasa chonse. Ine ndinkagwira ntchito koma maso anali pa manja a anzanga. Ndinkafuna kupeza cholakwika choti ndikadzitonthoze nacho. Ndinaona ntchentche, ndinaona mayi wina akulawa phala padzanja n'kupukutira pachitenje. Ndinaonanso kuti phalalo linabwata nthawi yaitali mpaka kumalavula, moti dontho lina linandiwotcha pamkono. Sindinganene kuti mantha anatha. Anangosowa pogwira penipeni.

"Taonani a setifiketi akulira," anatero alamu, akupalasa mthiko ndi manja awiri. "Mwakumbuka alongo anga?"

"Ndi utsi, alamu."

"Eya, utsi wa ku Joni. Umalowa m'maso ngakhale uli kutali."

Amayi enawo anaseka, inenso ndinaseka.

Belu la pasukulupo ndi limu ya galimoto yokolekedwa pamtengo. Litangolira, ana anatuluka m'makalasi ngati njuchi, makapu akugundana m'makosi. Anandanda patsogolo pa zidebe zimene tinathiramo phala, aang'ono kutsogolo. Ena analibe makapu, anabwera ndi mabotolo odula pakati, wina ndi chivundikiro cha poto. Masipuni anali ochepa. Ambiri ankapinda tsamba la mango n'kumatapira, ena ankangopemerera n'kumwa. Ine ndinapatsidwa chipande, ndipo ndinkathira ndikuyang'ana uku ndi uku. Ndinkadziwa kuti wanga pamzere sakhalapo. Ndinkangofuna kumuona akudya dzira lake.

Ndinamuona akutuluka pambuyo pa onse, kakontena atakakumbatira pachifuwa. Sanayang'ane kukhitchini n'komwe. Anazungulira kuseri kwa kalasi, kumene kuli chulu ndi mthunzi pang'ono, n'kukhala pansi. Sanatsegule. Anadikira.

Ndinapatsira alamu chipande n'kutsatira khoma mwakachetechete mpaka pangodya.

Atsikana ena a msinkhu wake anabwera ndi makapu awo a phala n'kukhala momuzungulira. Mmodzi, wamtali pang'ono, wometa mpala, anatulutsa jumbo m'thumba n'kuiyala pansi, akuisalaza ndi chikhatho. Ndiye aliyense anayamba kuika chimene wabwera nacho. Uyu masuku angapo, uyu chimanga chokazinga cha m'thumba la yunifolomu, uyo mbatata yadzulo yodula pakati. Wina analibe kanthu, anaika mango awiri aawisi otola panjira. Mwana wanga anatsegula kakontena. Ananyema buledi mosamala, tizidutswa tofanana, n'kutiyala pajumbopo. Anasenda dzira, naligawa ndi chikhadabo, yolikiyo ikugumukira pazala zake. Ndinaona akuyang'ana zalazo. Anazipukutira pa udzu.

Kenako analowetsa manja onse awiri pansi pa ntchafu zake n'kuwakhalira.

Anzakewo anayamba kudya. Ankatapa phala, n'kutola kabuledi, n'kuluma suku, akulongolola za mnyamata wina amene anakodza m'kalasi. Wometa mpala uja anatambasula kapu yake osayang'ana n'komwe, monga mmene munthu amachitira chinthu cha tsiku ndi tsiku.

"Eko."

"Ayi, amayi anakaniza."

Kapu inabwerera. Mwana wanga anatembenuzira nkhope kukhoma, ndipo ndinaona pakhosi pake pakuyenda, akumeza malovu.

Sindikudziwa kuti ndinaima nthawi yaitali bwanji. Ndikukumbuka kuti ndinaganiza za tiyi wa m'mawa uja, amene anamusiya theka, ndi za nkhomaliro ya dzuwa litapendeka, ndipo ndinayesa kuona kutalika kwa nthawi imene ili pakati pa ziwirizo kwa mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi. Kuyambira tsiku lotsegulira sukulu.

Nditatulukira, ana onse anasiya kutafuna. Wanga anadzidzimuka, ndipo chinthu choyamba chimene anachita chinali kutulutsa manja n'kundionetsa zikhatho.

"Sindinadye, amayi. Afunseni."

"Sadya ameneyu," anatero wometa mpala uja, pofuna kumuthandiza. "Olo timukakamize. Amangoponya basi."

Ndinagwada pansi, pamatope pomwepo. Ndinafunsa kuti kuponya ndiye kutani. Anandifotokozera onse nthawi imodzi, kuti iwo amadya memo ngati mmene amachitira akabaza pamsika, aliyense amaponya chimene ali nacho pajumbo ndipo amadyera limodzi. Wosaponya sakhala nawo. Ndinatembenukira kwa wanga.

"Nanga bwanji sudya buledi wako? Si ndakupatsa ndine?"

"Akafika pajumbo amakhala wa anthu, amayi. Amamugwira."

"Bwanji osadya kaye wekha usanaponye?"

Anayang'ana pansi. Anati masiku oyamba ankadya yekha kuseri kwa chitseko, koma anamupeza n'kuyamba kumuimba kuti womana, womana, ndipo palibe amene ankafuna kukhala naye pamphasa m'kalasi. Ndiponso ku Sande sukulu anaphunzira kuti womana Mulungu samukonda. Ndiye anaona kuti akaponya zonse osadya, anzake akondwa, Mulungu akondwa, amayinso akondwa. Sananene choncho ndendende, koma ndi zimene zinali m'mawu akewo. Anali atapeza njira yosalakwira aliyense, ndipo njirayo inali kukhala ndi njala.

Ndinafuna kumukalipira. Ndinafuna kukalipira anawo, kukalipira aphunzitsi, kukalipira alamu amene ankaphika pamenepo sabata ndi sabata osaona kanthu. Koma panalibe wolakwa woti ndimugwire. Ndinati, "Idya. Ndakuloleza. Tenga mbatatayo."

Anapukusa mutu.

"Ndikunena ndine mayi ako. Idya."

"Mukundiyesa," anatero motsitsa.

Ndipo anali ndi chifukwa choganizira choncho, poti ndinkamuyesadi kale. Ndinkatuma aneba kuti amupatse bisiketi ndione ngati alandire.

Mbatata ija inali pajumbo, yozizira, yotuwa m'mbali, ndipo pamwamba pake panali chidindo cha chala cha mwana amene anaibweretsa. Mwiniwakeyo anali ndi chimfine, mamina atauma pamlomo. Ndinayang'ana mbatatayo. Zonse zinabwera nthawi imodzi, fungo la m'wodi muja, phazi lomangidwa bandeji, mawu a mayi wa bedi loyandikana. Sindinkadziwa amake a mwanayo, sindinkadziwa mudzi wake, madzi amene anaphikira, kapena zimene amanena za ife kwawoko. Ndinaitola n'kuluma.

Mwana wanga anakuwa. Sindinamumvepo akukuwa choncho. Anandilumphira n'kuyamba kulowetsa zala zake m'kamwa mwanga.

"Lavulani! Amayi, lavulani! Mufa! Lavulani!"

Ndinamugwira manja onse awiri, ndinatafuna akuona, ndinameza. Inakakamira pakhosi, ndiye ndinatenga kapu ya wometa mpala uja n'kumwera phala. Kenako ndinayasamula kuti aone kuti m'kamwa mulibe kanthu. Iye ankalira mosatulutsanso mawu, thupi lonse likugwedezeka, maso ali pa ine osaphethira. Anzake aja anali ataima patali pang'ono, wina suku lili m'kamwa osalitafuna.

Belu linalira. Buleki inatha mwana wanga asanadye kanthu.

Aphunzitsi anasuzumira pangodya, anationa tili pamatope, ndipo sanafunse zambiri. Anakusa ana enawo n'kundiuza kuti ndimulowetse akatonthola. Ndinamunyamula, ngakhale ndi wamkulu woti sanyamulidwanso, ndipo kupepuka kwake kunandiopsa kuposa zonse zimene ndinaona tsiku limenelo. Tinapita kuchisakasa. Alamu anali akukokota mphika. Nditawafotokozera anasiya chipande.

"Ine ndimayesa amakhuta za m'kontena," anatero. "Ndimati mwana wa a setifiketi phala lathu amalinyoza. Ndinkafuna ndidzakuyankhuleni za kunyadako." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Koma alamu, inu ndi ine tonse ndife zitsiru."

Anakokota phala la pansi pa mphika, lokhuthara lija, n'kuthira m'kapu yawo. Anamupatsa mwanayo. Iye anailandira koma sanaiyandikitse kukamwa. Anaigwira ndi manja awiri, maso ali pa ine.

"Imwa, iwe, lizizira," anatero alamu.

"Tidikire kaye, azakhali."

"Tidikire chiyani?"

"Tione ngati amayi afe."

Amayi ena amene ankatsuka zidebe anafuna kuseka, koma atamuona nkhope anasiya. Alamu anakhala pansi pambali pake, miyendo atatambasula.

"Ndiye tikhalitsatu pano. Amako awa adzafa ndi ukalamba, mano atatha, akuvutitsa anthu ndi setifiketi yawo. Ine phala limeneli ndimamwa tsiku lililonse ndikaphika. Taona mkonowu. Ukuoneka ngati wa maliro?"

Sanaseke. Anandiyang'anitsitsa, anandigwira pamphumi ndi kuseri kwa dzanja monga mmene ndimamuchitira iye, anandifunsa ngati m'mimba mukupota. Ndinati ayi. Tinakhala choncho mpaka moto unazima, zidebe zinauma, amayi ena anatsanzika kuthamangira kumunda. Phala litazizira mpaka kuchita khungu pamwamba, anaviika chala chimodzi n'kunyambita. Anadikira. Anaviikanso. Sanamalize kapuyo, koma anafika pakati.

Madzulo ake ndinayesa kumuikira malamulo atsopano. Ndinati phala la kusukulu uzimwa, za anzako aja uzidya, koma uzisamba m'manja, ndipo za munthu wamkulu amene sukumudziwa usalandire. Anamvetsera bwinobwino, kenako anafunsa ngati agogo a kumudzi ndi anthu. Ndinati agogo ndi agogo. Anafunsa za amayi ogulitsa mandasi panjira ya kusukulu, amene amawadziwa nkhope koma sadziwa kwawo. Anafunsa za mnzake watsopano akabwera pamemo. Anafunsa ngati kusamba m'manja kumachotsanso zija amadyetsa anthu oipa. Sindinadziwe kuti zimenezo anazimva kuti, mwina kwa ine ndemwe ndikuyankhula ndi ena, ndikuyesa kuti akusewera. Mafunso ena ndinayankha, ena ndinati tidzakambirana. Lamulo lakale lija linali lalifupi, losavuta kusunga. Latsopanoli linali ndi mabowo ponseponse, ndipo ndinaona kuti sindingathe kuwatseka onse.

Kuyambira pamenepo anayamba chizolowezi chimene sanachisiye mpaka pano. Tikafika pamphambano pamene njira ya kusukulu imasiyana ndi ya kumsika, amaima n'kundifunsa kuti, "Lero ndidye?" Chilolezo cha dzulo kwa iye sichigwira ntchito lero. Ndimati idya. Pang'onopang'ono kuodzera kuja kunatha, mutu unasiya kuwawa, ndipo akafika kusitolo amalongolola mpaka alimi kumuseka. Nkhomaliro ndinakambirana ndi mwini sitolo kuti ndizitseka kanthawi kochepa akangoweruka.

Koma sindikufuna kunama kuti zinathera pamenepo. Patangopita masabata ochepa, mango atachuluka, anabwera kusitolo atagwira pamimba. Anatsegula m'mimba masana onse. Ndinamusungunulira madzi a mchere ndi shuga a m'paketi. Ndinkamutsina khungu la pamimba kuti ndione ngati likubwerera, ndinkamuyang'ana m'maso ngati akulowa m'kati, chikwama cha kuchipatala nditachilongedza kale pakhomo. Mawu aja anali pamlomo penipeni. Ndinkafuna kunena kuti waona, ndinkanena ine, wadya za ndani. Ndinaluma lilime. Iye ankandiyang'ana ali chigonere pamphasa, ndipo ndinadziwa kuti akudikira mawu omwewo.

"Ndifa, amayi?"

"Ayi. Ndi mango aawisi. Aliyense amatsegula m'mimba nthawi ya mango, inenso ndinkatsegula ndili mwana."

Ndinanena molimba, koma mumtima ndinkapemphera kuti zikhale zoona. Tsiku lotsatira kunachepa, linalo kunasiya. Anakhala pakhomo mpaka mphamvu zitabwerera, ine ndikumuphikira ndekha chilichonse, ndipo ndivomere kuti masiku amenewo mtima wanga unapuma kuposa masiku onse a teremu imeneyo. Chilichonse cholowa m'kamwa mwake chinkadutsa m'manja mwanga. Ndinaganizapo zomusunga sabata inanso.

Lolemba ndinamuveka yunifolomu. Kunali kutagwa mvula, njira ili yoterera, ndipo tinayenda pang'onopang'ono atandigwira chala. Pamphambano anaima. Sanafunse msanga monga mwa masiku onse. Anayang'ana kusukulu, kumene utsi wa kuchisakasa unali utayamba kale kukwera, kenako anayang'ana ine.

"Lero ndidye?"

Wakabaza wina anadutsa n'kutiwaza matope, ndipo ndinawerama n'kuyamba kumupukuta mwendo ndi chitenje, nthawi yaitali kuposa mmene matopewo ankafunira. Iye anangoima, akudikira.

"Idya," ndinatero ndili chiweramire. "Ukadye, mwanangu. Ukamalize kapu yonse."

Anasiya chala changa n'kuyamba kuthamanga, chifukwa anzake anali atamuona kale ndipo ankamukodola.